Kodi kafukufuku wa kunenepa ndi opaleshoni ya chifu akadali ndi tsogolo?

Funso: Ndine dokotala wongoyamba kumene ntchito, ndipo mtima wanga uli pa kafukufuku wa kunenepa kwambiri, makamaka opaleshoni yochepetsa chifu. Anzanga akuti ndikutaya nthawi chifukwa majekeseni atsopano ochepetsa thupi athetsa opaleshoniyi posachedwa. Kodi ndipitirize? Nanga poyambira ndi pati, ndiphunzire kaye za opaleshoni kapena ndilowe mu labotale?

Yankho: Pitirizani, a dokotala, koma mudziwe bwino chimene mukupitirizacho. Anzanuwo sakunama kuti majekeseni asintha zinthu. Pamene aphonya ndi poganiza kuti wofufuza amamangirira moyo wake pa chida chimodzi, kaya mpeni kaya jekeseni. M'ntchito imeneyi zida zabwera ndi kupita kangapo, koma mafunso awiri sanasunthe. N'chifukwa chiyani thupi limakana munthu akafuna kulichepetsa? Nanga munthu amene tamuthandiza lero adzakhala ali bwanji pakapita zaka 10 kapena 20? Ngati mafunso amenewa amakusowetsani tulo, ntchito ilipo yoti ikukwanireni mpaka kukalamba. Ngati chakukopani ndi luso la opaleshoni palokha, khalani dokotala wa opaleshoni wabwino, palibe cholakwa, koma kafukufuku adzakutopetsani msanga.

Mbiri ya ntchitoyi imaonetsa mtundu wa anthu amene akhala akuikankhira patsogolo, ndiye tiyambire pamenepo. M'zaka za m'ma 1950 madokotala a ku Minnesota ku America anayamba kuyesa opaleshoni yolumikiza chiyambi cha matumbo aang'ono ndi kumapeto kwake, kuti chakudya chilambalale mbali yaikulu ya matumbowo. Odwala ankawonda ndithu, ndipo m'ma 1960 ndi 1970 opaleshoniyi inachitidwa pa anthu ambiri. Mavuto anadza mochedwa: kutsegula m'mimba kosalekeza, miyala mu impso, mafupa kufooka, ndipo ena chiwindi chinawonongeka mpaka kumwalira. Dokotala amene analemba lipoti la chaka choyamba chokha sananame, komabe lipoti lakelo linasocheretsa anzake. Pamene opaleshoniyo inkasiyidwa, anthu anali atavulala kale.

Edward Mason wa pa University of Iowa anaona kuti odwala zilonda za m'mimba amene anachotsedwa mbali ya chifu ankavutika kunenepanso. Mu 1966 anagwiritsa ntchito ganizo limenelo pa anthu onenepa kwambiri: kusiya kathumba kakang'ono ka chifu kumtunda, n'kukalumikiza ku matumbo mwachindunji. Imeneyi ndi gastric bypass, imene ikuchitidwabe lero ngakhale yakonzedwanso kangapo. Kwa zaka zambiri aliyense ankaifotokoza mosavuta, kuti chifu chachepa ndiye munthu akudya pang'ono, ndipo zina mwa zimene wadyazo sizikulowa m'thupi. Malongosoledwe amenewa ankamveka bwino moti ndi ochepa amene anawakayikira.

Amene anawagwedeza ndi Walter Pories wa pa East Carolina University, ndipo sanatero ndi kadulidwe katsopano. Iye ndi gulu lake anangokana kuti odwala awo awasowe. Mu 1995 anafalitsa zotsatira za anthu 608 amene anawatsata kwa zaka zofika 14, ndipo oposa 95 pa 100 alionse ankadziwikabe kumene ali komanso mmene alili. Mwa amene anali ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri, oposa 8 pa 10 alionse shuga wawo anabwerera mwakale. Chodabwitsa chinali nthawi yake. Shuga ankatsika m'masiku ochepa chabe, munthu asanataye makilogalamu oti n'kunena kuti ndi amene achititsa. Francesco Rubino, dokotala wa opaleshoni wa ku Italy amene nthawi imeneyo anali wachinyamata ngati inu, anatenga funsoli n'kupita nalo ku makoswe. Mu 2004 anaonetsa kuti makoswe a shuga amene sanali onenepa n'komwe ankapeza bwino chakudya chikalambalalitsidwa chiyambi cha matumbo, thupi lawo lisanatsike. Apa zinaonekeratu kuti matumbo amalankhula ndi kapamba ndi ubongo, ndipo opaleshoni imasintha kalankhulidwe kameneko. Ambiri anayamba akana. Kenako kunabwera kafukufuku wa STAMPEDE wa Philip Schauer ku Cleveland Clinic, amene anagawa odwala shuga 150 m'magulu pochita maere. Patatha zaka 5, muyeso wa HbA1c, umene umaonetsa mmene shuga wakhalira m'magazi kwa miyezi ingapo, unali pa 6 peresenti kapena kutsika mwa 29 peresenti ya a gastric bypass, 23 peresenti ya a sleeve (opaleshoni yodula n'kuchotsa mbali yaikulu ya chifu), ndi 5 peresenti yokha ya amene ankalandira mankhwala okha. Mu 2016 mabungwe akuluakulu oona za matenda a shuga anavomereza opaleshoni kuti ndi chimodzi mwa zithandizo za shuga. Taonani kutalika kwa ulendowo, kuchokera pa zimene Pories anaona mwa odwala ake kufika pa malangizo ovomerezeka: zaka zoposa 20.

Koma kafukufuku amene ndimafuna wophunzira aliyense amudziwe bwino ndi wa ku Sweden wotchedwa Swedish Obese Subjects, kapena kuti SOS. Anauyambitsa ndi Lars Sjöström ku Gothenburg mu 1987. Funso lake linali lalifupi: kodi opaleshoni imatalikitsa moyo, kapena imangochepetsa thupi? Makomiti oona za chilungamo cha kafukufuku sanalole kuti odwala agawidwe mwa maere, chifukwa nthawi imeneyo imfa za pa opaleshoni zinali zambiri. Choncho anatenga anthu 2,010 amene anasankha opaleshoni n'kuwayerekeza ndi ena 2,037 ofanana nawo amene sanachitidwe, n'kuyamba kudikira. Yankho la imfa linatuluka mu 2007, zaka 20 chiyambireni, ndipo linali lakuti ochitidwa opaleshoni ankamwalira mocheperapo ndi pafupifupi 29 peresenti. Mu 2020 Lena Carlsson ndi anzake a gulu lomwelo anawonjezera kuti ochitidwa opaleshoni amakhala ndi moyo zaka pafupifupi 3 kuposa anzawo osachitidwa, koma amaperewerabe ndi zaka zoposa 5 poyerekeza ndi anthu wamba. Mbali yachiwiriyi ndi imene okonda kutamanda opaleshoni amaidumpha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene analowa m'gulu la SOS ali achinyamata ena atuwa imvi akuwerengabe odwala omwewo. Dzifunseni moona mtima ngati mtima umenewo muli nawo, chifukwa kudikira kotereku ndiko mbali yaikulu ya ntchito imene mukufunayi.

Tsopano za labotale. Douglas Coleman wa ku Jackson Laboratory ku Maine, kumapeto kwa m'ma 1960 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1970, ankalumikiza mbewa ziwiri kuti zizigawana magazi, ina yonenepa chibadwire ina yabwinobwino. Potengera zimene anaona, ananena kuti m'magazi muyenera kuti muli chinachake chimene chimauza ubongo kuti mafuta akwana. Iye sanathe kuchigwira. Anadzachipeza ndi Jeffrey Friedman wa pa Rockefeller University ku New York mu 1994, atasakasaka pafupifupi zaka 8, ndipo homoniyo inatchedwa leptin. Kampani ya Amgen inalipira madola 20 miliyoni kuti ipange mankhwala kuchokera pa leptin, koma zinakanika. Anthu onenepa ambiri sasowa leptin, ali nayo yochuluka kale, ndipo kuwawonjezera sikunathandize kwenikweni. Komabe mu 1997 gulu la Stephen O'Rahilly ku Cambridge linapeza ana awiri apachibale amene thupi lawo silinkapanga leptin m'pang'ono pomwe, ana a njala yosatha, ndipo Sadaf Farooqi wa gulu lomwelo anaonetsa kuti mwana wotere akamabayidwa leptin njalayo imatha. Kuyambira pamenepo kunakhala kovuta kunena kuti kulakalaka chakudya ndi nkhani ya khalidwe chabe. Ndakuuzani nkhaniyi kuti muone kuti mu labotale mungapeze chinthu chachikulu n'kusachiritsa nacho anthu amene mumayembekezera, ndipo ntchito yanu n'kukhalabe yaphindu.

Ena anafufuza za kukana kwa thupi mwa anthu enieni. Rudolph Leibel, Michael Rosenbaum ndi Jules Hirsch anaonetsa mu 1995 kuti munthu akataya 10 peresenti ya kulemera kwake, thupi limayamba kuwotcha mphamvu zochepa kuposa mmene kuchepa kwakeko kungafotokozere. Mu 2011 gulu la Joseph Proietto ku Melbourne linapeza kuti patatha chaka chathunthu munthu atawonda ndi kadyedwe, mahomoni a njala amakhala akadali okwera. N'chifukwa chake ambiri amene amachepetsa thupi podya mosamala amanenepanso. Sindikunyoza kadyedwe kabwino ndi masewera olimbitsa thupi. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program anaonetsa mu 2002 kuti kusintha kakhalidwe kotereku kunachepetsa ndi 58 peresenti chiwerengero cha oyamba kudwala shuga mwa amene anali pachiopsezo. Koma wina wotchedwa Look AHEAD, wa odwala shuga 5,145, anaimitsidwa mu 2012 ataona kuti ngakhale anthu anawondako, matenda a mtima ndi sitiroko sanachepe. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo wofufuza wabwino sabisa chimodzi pofuna kukometsa chinzake.

Tifike pa majekeseni aja. GLP-1 ndi homoni imene matumbo amatulutsa munthu akadya. Imauza kapamba kutulutsa insulin, imachedwetsa chakudya kuchoka m'chifu, ndipo imauza ubongo kuti munthu wakhuta. Anaifotokoza m'zaka za m'ma 1980 ndi Joel Habener, Svetlana Mojsov ndi Daniel Drucker ku Boston, komanso Jens Juul Holst ku Copenhagen. Vuto linali lakuti yachilengedwe imaphwanyika m'magazi m'mphindi zochepa chabe. John Eng, dokotala wa ku New York, anapeza mu 1992 chinthu chofanana nayo koma chokhalitsa mu ululu wa buluzi wa m'chipululu wotchedwa Gila monster, ndipo kuchokera pamenepo panatuluka mankhwala a shuga a exenatide amene anavomerezedwa ku America mu 2005. Lotte Bjerre Knudsen wa ku kampani ya Novo Nordisk anatsogolera ntchito yopanga liraglutide, jekeseni wotsanzira GLP-1, ndipo mnzake semaglutide anabwera pambuyo pake. Chimene anzanu aja sanakuuzeni n'chakuti munthu wochitidwa gastric bypass akadya, GLP-1 wake amakwera kuwirikiza kangapo kuposa kale. Homoni ina ya njala, ghrelin, imene Masayasu Kojima ndi Kenji Kangawa anaipeza ku Japan mu 1999, imapangidwa kwambiri m'mbali ya chifu imene imachotsedwa pa opaleshoni ya sleeve, pamene dokotala amadula pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chifu. Mwachidule, opaleshoni ndi jekeseni zimalankhula ndi ziwalo zomwezo, ndipo amene waphunzira chimodzi mozama sakhala mlendo ku chinzake.

Dzina la Mojsov ndalitchula dala. Mayiyu ndi amene anazindikira ndi kupanga kachidutswa kenikeni ka GLP-1 kamene kamagwira ntchito, koma anachita kumenyera kuti dzina lake lilembedwe pa zikalata za umwini, ndipo kwa zaka zambiri mphoto zinkamudumpha. Mu 2024 m'pamene analandira mphoto ya Lasker pamodzi ndi Habener ndi Knudsen. Inunso muzisunga bwino kabuku kanu ka mu labotale, masiku olembedwa, ndipo nkhani ya mayina a olemba muzikambirana ntchito isanayambe, osati itatha.

Nanga manambala akuti bwanji? Mu kafukufuku wa STEP 1 wa 2021, wa anthu 1,961, olandira semaglutide anataya 14.9 peresenti ya kulemera kwawo m'masabata 68, pamene olandira jekeseni wopanda mankhwala anataya 2.4 peresenti. Mu SURMOUNT-1 wa 2022, mlingo waukulu wa jekeseni wina wotchedwa tirzepatide unafika pa 20.9 peresenti m'masabata 72. Mu 2023 kafukufuku wa SELECT, wa anthu 17,604 odwala mtima koma opanda shuga, anaonetsa kuti semaglutide amachepetsa ndi 20 peresenti imfa za mtima, matenda a mtima oopsa ndi sitiroko zikawerengedwa pamodzi. Izi ndi zazikulu, ndipo ine sindili m'gulu la madokotala amene amazipeputsa poteteza ntchito yawo. Ku America chiwerengero cha maopaleshoni a chifu chayamba kutsika, ndipo mwina chitsikabe. Koma gastric bypass imachotsa pafupifupi 30 peresenti m'zaka ziwiri zoyambirira, ndipo mu SOS ochitidwa opaleshoniyi anali akadali otsika ndi pafupifupi 25 peresenti patatha zaka 10. Amene anasiya semaglutide atamaliza STEP 1 anabwezeretsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a thupi limene anataya, m'chaka chimodzi chokha. Ndiye kuti jekeseni ndi wa moyo wonse, pamene odwala ambiri amasiya chifukwa cha mtengo, mseru kapena kutopa basi.

Kumbukiraninso kuti mankhwala ochepetsa thupi ali ndi mbiri yowawa. Fenfluramine, theka la amene ankatchedwa fen-phen, anachotsedwa pa msika mu 1997 chifukwa ankawononga mavavu a mtima. Rimonabant anaimitsidwa ku Ulaya mu 2008 chifukwa cha matenda a maganizo ndi malingaliro odzipha. Sibutramine anachotsedwa mu 2010 ataonekera kuti amachulukitsa matenda a mtima ndi sitiroko. Atsopanowa ayesedwa mozama kuposa akalewo, ndipo ndikukhulupirira kuti akhalitsa. Komabe amene anagwira zolakwika za akale aja anali anthu otsata odwala kwa nthawi yaitali, ndipo anthu oterewa akufunikabe. Mafunso otseguka ndi ambiri moti simungawamalize. Ndani ayambe ndi jekeseni, ndani apite ku opaleshoni mwachindunji? Wochitidwa opaleshoni amene wanenepanso patatha zaka 7, timubaye kapena timudulenso? Mwa makilogalamu otayikawo, angati ndi a minofu, ndipo kwa munthu wa zaka 70 kutaya minofu kumatanthauza chiyani? Wachinyamata amene wayamba kubayidwa ali ndi zaka 15 adzakhala bwanji akadzafika 45? Funso lililonse mwa amenewa likufuna munthu wodziwa opaleshoni ndi mankhwala zomwe.

Ndiye poyambira ndi pati? Ngati manja anu amakonda opaleshoni, phunzirani kaye opaleshoni yonse ya m'mimba, imene m'mayiko ambiri imatenga zaka 5 kapena kuposa, kenako chaka chimodzi kapena ziwiri za opaleshoni ya chifu yochitidwa ndi kamera kudzera m'timabowo. Njira imeneyi, imene Alan Wittgrove ndi Wesley Clark anaigwiritsa ntchito pa gastric bypass ku San Diego n'kuifalitsa mu 1994, ndi imene inathandiza kwambiri kuti imfa za pa opaleshoni zitsike kufika pa munthu mmodzi kapena awiri mwa 1,000 alionse m'zipatala zozolowera ntchitoyi. Koma pakatikati pa maphunzirowo pezani zaka ziwiri kapena zitatu zochoka ku chipinda cha opaleshoni n'kuchita digiri ya kafukufuku, kaya ya epidemiology (maphunziro a mmene matenda amagwirira anthu ambiri) kaya PhD. Dokotala amene amati adzafufuza madzulo akaweruka amangolemba za odwala ake okha, ndipo malipoti oterewa kawirikawiri amakomera mwini wake. Ngati opaleshoni simuikonda mwa iyo yokha, musadzivute kuiphunzira pofuna kafukufuku. Sjöström sanali dokotala wa opaleshoni, koma ntchito yake ndi imene inapatsa opaleshoniyi ulemu pakati pa madokotala ena. Mukhoza kulowera ku matenda a mahomoni ndi shuga, ku zakadyedwe, ku zamaganizo, kapena ku zaumoyo wa anthu ambiri.

Labotale ya mbewa ndi maselo ndi moyo wina pawokha. Imafuna PhD, kenako zaka zingapo pansi pa wofufuza wamkulu, pa makontalakiti aafupi ndi malipiro otsika kuposa a anzanu oona odwala. Ndi yabwino kwa munthu amene sakhumudwa zoyesa zikakanika miyezi yotsatizana. Musalowemo chifukwa choti imamveka yapamwamba. Kaikhalitseni miyezi ingapo kaye, muone ngati mukudzuka m'mawa mukufunabe kupitako.

Njira iliyonse imene mungasankhe, phunzirani masamu a kafukufuku mpaka muzitha kusanthula nokha manambala anu. M'gawo limeneli muli misampha imene imakola ngakhale akatswiri. Waukulu ndi wa odwala osabwerera. Tiyerekeze kuti chipatala chinachita opaleshoni anthu 200, ndipo patatha zaka 5 abwera 80, amene ataya 30 peresenti ya thupi. Lipoti lidzati opaleshoni imachotsa 30 peresenti. Nanga 120 aja ali kuti? Amene ananenepanso amachita manyazi kubwerera kwa dokotala, amene anakhumudwa anapita kwina, amene anamwalira sabwera. Obwerawo nthawi zambiri ndi amene zinawayendera. Mukamawerenga pepala lililonse la opaleshoni ya chifu, musanaone zotsatira, yambani mwafufuza kuti mwa oyamba aja anatsala angati.

Msampha wina ndi kawerengedwe ka kuwonda. Madokotala a opaleshoni kwa nthawi yaitali ankakonda kuwerenga peresenti ya makilogalamu opitirira muyeso, pamene a mankhwala amawerenga peresenti ya kulemera konse. Tengani munthu wa makilogalamu 120 amene muyeso wake woyenera akuti ndi 70. Opitirira ndi 50. Akataya 35, wina adzalemba kuti wataya 70 peresenti, wina adzalemba 29 peresenti, ndipo onse awiri akunena za munthu mmodzi ndi sikelo imodzi. Amene angaike 70 peresenti ya opaleshoni pambali pa 15 peresenti ya jekeseni wanamiza owerenga, kaya mwadala kaya mosadziwa. Inu muzilemba kulemera konse. Msampha wachitatu, woti osankhidwa kukachitidwa opaleshoni amakhala kale athanzi kuposa okanidwa, mudzauphunzira m'kalasi yoyamba ya epidemiology, choncho sindikhalitsapo.

Ntchito yanu yoyamba isakhale yaikulu. Tengani mafayilo a odwala amene anathandizidwa zaka zingapo zapitazo pamalo pamene mukuphunzira, pezani chilolezo cha komiti, n'kuyamba kuwasaka mmodzimmodzi. Ndi ntchito yopanda ulemerero, ya mafoni osayankhidwa ndi maadiresi akale, koma idzakuphunzitsani zambiri kuposa msonkhano uliwonse. M'menemo mudzakumana ndi mbali ya opaleshoni imene zithunzi zotsatsa sizionetsa. Mudzaona kuchepa kwa magazi chifukwa chosowa ayironi ndi vitamini B12 mwa amene anasiya kumwa mapilisi awo. Mudzaona kuwonongeka kwa mitsempha ndi ubongo chifukwa chosowa thiamine (vitamini B1) mwa osanza nthawi yaitali, miyala mu ndulu, chilungulira chosatha pambuyo pa sleeve, shuga kutsika mwadzidzidzi munthu atangodya. Palinso vuto la mowa. Mu 2012 Wendy King ndi anzake a kafukufuku wa LABS ku America anaonetsa kuti vuto la uchidakwa limakwera m'chaka chachiwiri pambuyo pa opaleshoni, makamaka gastric bypass, imene imachititsa mowa kulowa m'magazi mofulumira. Kafukufuku wina waonetsanso kuti kudzivulaza ndi kudzipha kumachuluka pang'ono mwa ochitidwa opaleshoni. Mbali zimenezi ofufuza ake ndi ochepa, chifukwa sizibweretsa kutchuka, ndipo ndi mmene munthu watsopano angapezemo malo.

Za ndalama ndinene mosabisa. M'gawo lino makampani opanga mankhwala ndi zipangizo za opaleshoni ali paliponse, amalipira misonkhano, maulendo ndi kafukufuku wambiri. Kugwira nawo ntchito si tchimo, ndipo kafukufuku wamkulu ngati SELECT sakanatheka popanda iwo. Koma onetsetsani kuti mgwirizano ukukulolani kuona manambala onse ndi kufalitsa zotsatira ngakhale zitaipa. Lembetsani kafukufuku wanu poyera, monga pa ClinicalTrials.gov, musanatenge wodwala woyamba, ndipo nenani pasadakhale chimene mukufuna kuyeza, kuti musadzasinthe funso mutaona yankho. Samalaninso ndi magazini amene amakutumizirani imelo yokutamandani n'kulonjeza kufalitsa pepala lanu m'masiku ochepa mukalipira. Pepala limodzi lotuluka m'menemo limadetsa asanu abwino amene muli nawo.

Pali gawo lina limene ndikuona kuti lingakuyenereni, ngati muli ndi mtima wokayikira zimene aliyense wavomereza. Muyeso wa BMI, woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, umene timasankhira odwala, unachokera kwa Adolphe Quetelet, katswiri wa masamu wa ku Belgium wa m'ma 1830, amene sanali dokotala ndipo sankafufuza matenda. Ancel Keys ndi amene anaupatsa dzina limene tikuudziwa nalo mu 1972. Malire a opaleshoni amene anaikidwa ndi National Institutes of Health ku America mu 1991, BMI ya 40, kapena 35 ngati pali matenda ena, anakhala zaka zoposa 30 osasintha, mpaka mu 2022 pamene mabungwe a madokotala a opaleshoni ya chifu a ASMBS ndi IFSO anawatsitsa kufika pa 35, kapena 30 kwa odwala shuga ndi matenda ofanana nawo, ndiponso 27.5 kwa anthu a ku Asia. Mu 2025 komiti ya akatswiri imene inatsogoleredwa ndi Rubino yemwe uja inanena kuti BMI payokha siyokwanira kutchula munthu kuti ndi wodwala, pafunika kuona ngati mafutawo ayamba kuwononga ziwalo. Pamene zili choncho, bungwe la WHO likuti mu 2022 anthu oposa 1 biliyoni, munthu mmodzi mwa 8 alionse padziko lapansi, anali onenepa mopitirira muyeso, ndipo chiwerengerochi chikukwera mofulumira m'mayiko osauka ndi apakati. Koma umboni wochuluka wa nthawi yaitali umene ndakutchulirani wachokera ku Ulaya ndi ku North America. Kodi malire omwewo ndi zotsatira zomwezo zimagwira pa matupi onse, ndiponso kumene vitamini B12 sapezeka mwezi uliwonse? Amene adzayankhe bwino funso limeneli sadzasowa omumvera.

Ndipo odwala anu muwalemekeze m'zochita, osati m'mawu okha. Ambiri amafika kwa inu atanyozedwa kale ndi madokotala ena, atauzidwa kuti angodziletsa. Mpando wopanda zogwirira m'mbali woti awakwane, lamba wamkulu woyezera BP, sikelo yoikidwa pamalo obisika osati pakhonde podutsa anthu, zinthu zazing'ono ngati zimenezi ndi zimene zimachititsa munthu kubweranso chaka cha 5 ngakhale atanenepanso, ndipo ameneyo ndi amene kafukufuku wanu akumufuna kwambiri.

Posankha wokuphunzitsani musayang'ane kutchuka kwa dzina kokha. Fufuzani kumene ophunzira ake akale ali tsopano, ndiponso ngati mayina awo amakhala oyamba pa mapepala a ntchito imene anagwira okha. Mukapita kukafunsira malo, mukapatsidwa mpata wofunsa, funsani kuti mwa odwala amene gululo linathandiza zaka 5 zapitazo, ndi angati amene likudziwa kulemera kwawo lero, ndipo ndani amalipidwa kuti aziwatsata. Akakuyankhani ndi nambala ndi dzina la wogwira ntchitoyo, pemphani malo pamenepo. Akayamba kukuuzani za kuchuluka kwa maopaleshoni amene amachita pa chaka, thokozani, mukafunsenso kwina.